Alamu Anga a Rapson ndi Zimphona za Chigumula

Achemwali anga a Liness anakwatiwa ndi mphunzitsi, ndipo kwathu ku Chiradzulu nkhani imeneyi inali yonyaditsa. A Rapson Dovu ankaphunzitsa za mawu a Mulungu pa sekondale ina ku Limbe. Anali munthu wamtali, wowonda khosi, wovala tayi ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Kwawo kunali ku Makhanga, kuchigwa, kumene mayi awo ankalima mapira ndi mbatata m'dimba. Ine ndinali ndidakali pa sekondale, koma ngakhale nthawi imeneyo magazi athu sanagwirizane. Ukawapatsa moni, ankayamba akukonza kalankhulidwe kako asanakuyankhe.

Achemwali anali namwino. Pamene zipatala za ku Mangalande zinkatenga anamwino kumudzi, iwo anali m'gulu loyamba kubwera ku Birmingham, ndipo alamuwo anatsatira chaka chotsatira. Anabwera ndi masatifiketi awo m'chikwama chachikopa, akuganiza kuti akangotera, sukulu zidzawalimbirana. Palibe inawafuna. Anayamba kunyamula makatoni m'nyumba yosungiramo katundu, kenako anapeza ntchito ya keya pa nyumba ina yosamalirako nkhalamba ku Erdington: kusambitsa agogo achizungu, kuwadyetsa phala, kuwakankha pa njinga ya olumala kupita nawo pazenera. Munthu amene ana ankamuimirira akalowa m'kalasi tsopano ankaitanidwa ndi belu. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Isabel, anabadwira momwemo ku Erdington.

Ine ndinawapeza patapita zaka, nditamaliza unamwino wanga. Ndinakhala m'nyumba mwawo kwa kanthawi ndisanapeze ntchito pa chipatala ku Telford. Masiku amenewo alamu anali munthu wowawidwa mtima chabe, monga amuna ambiri obwera pa mapepala a akazi awo. Ankakalipira nyengo, mabasi, ndi mwana woyankha m'Chingerezi. Koma Lamlungu ankapita nafe ku mpingo wathu wa Amalawi umene timachita lendi holo, ankaphunzitsa ana Sande Sukulu, ndipo anthu ankawatchula kuti aphunzitsi. Dzina limenelo ndilo linkawasunga.

Kenako kunabwera madzi a mu Januwale 2015. Mtsinje wa Ruo unasiya njira yake n'kulowa m'midzi. Mayi awo a alamu anali m'nyumba, ndipo mtembo wawo sunapezeke mpaka lero. Alamu anapita kumudzi madzi ataphwera, anakapeza mchenga wokhawokha pamene panali nyumba, nsonga za mitengo ya mango zitangotulukira ngati zitsamba. Anabwerako osalira, osalankhula. Ku mpingo anthu ankawagwira mapewa n'kumati, “Pepani aphunzitsi, ndi chifuniro cha Mulungu.” Iwo ankangowayang'ana. Tsiku lina anafunsa abusa athu, a Jairos Mbewe, pamaso pa anthu: “Chifuniro chotani? Tandiuzeni chimene ankafuna.” Abusa anayankha kuti zina sitingazidziwe pansi pano. Alamu anaseka, kuseka kopanda mano.

Yankho anakalipeza kuntchito. Pa nyumba ya nkhalamba ija panali mkulu wina dzina lake Phineas, Myuda, amene anaphunzitsa pa yunivesite moyo wake wonse. Matenda anali atamupha mbali imodzi, maso akuchita khungu, koma mutu unali wakuthwa. M'chipinda mwake munali mabuku mpaka kudenga. Atamva kuti munthu womusambitsayo anali mphunzitsi wa malemba, anamupempha kuti azimuwerengera pa nthawi yopuma. Mabuku ake anali a zolemba zamakedzana za Ayuda, zimene sizinalowe m'malemba amene ife timanyamula popita ku tchalitchi, zina mwa izo zopezeka zidutswazidutswa m'mapanga a m'chipululu.

Zimene zinali m'menemo ndinazimva kambirimbiri patebulo la achemwali, mpaka ndikhoza kuzinena ndili m'tulo. Akuti chigumula chisanabwere, angelo ena anasirira ana aakazi a anthu, anapangana, natsikira pa phiri. Anakwatira akaziwo, nawaphunzitsa anthu kusula malupanga, kupenta maso, kukumba mizu ya matsenga ndi kuwerenga nyenyezi. Ana obadwa m'maukwati amenewo anali zimphona. Zinadya zokolola zonse za anthu, ndipo chakudya chitatha zinayamba kudya anthuwo. Dziko linalira chifukwa cha magazi, kulirako kunafika kumwamba, ndipo madzi anatumidwa kudzatsuka. Munthu mmodzi ndi banja lake anapulumuka m'chingalawa. Angelo aja anamangidwa m'maenje amdima, pansi pa miyala, kudikira tsiku lalikulu. Ndipo zolembazo zimati chigumula chinali chiweruzo choyamba chabe, chithunzi cha chachiwiri, chimene chidzakhala cha moto.

Mkulu uja ndinakumana naye kamodzi. Kunali phwando la tiyi pa kapinga wa nyumbayo m'chilimwe, ndipo achemwali anandikoka kuti tikaonekere. Mkuluyo anandiitana pafupi ndi njinga yake, alamu atapita kukatenga makapu, nandiuza m'Chingerezi chake chodekha kuti mlamu wanga amawerenga bwino kuposa ophunzira ambiri amene iye anawaphunzitsa, koma amawerenga atakunga chibakera. Anati anthu amene analemba zinthu zija anali opondedwa ndi mafumu achilendo, oona ana awo akuphedwa ndi lupanga, ndipo ankalemba kuti atonthozane, kuti magazi a osauka sanaiwalike kumwamba. Chala chawo chinkaloza mmwamba, kwa eni malupanga. “Mlamu wanu,” anatero, “akuloza aliyense amene wakhala naye pafupi. Ndamuuza, koma akuganiza kuti ndakalamba.”

Phineas atamwalira, ana ake anapatsa alamu katoni ya mabuku aja pothokoza. Akanadziwa akanangowapatsa wotchi.

Zinayambira m'nyumba. Tsiku lina achemwali pobwera kuntchito anapeza zodzoladzola zawo zonse zili m'bini ya panja. Ndolo zinatsatira. Pa Khirisimasi ina, tonse titakhala kuti tidye, alamu anadzuka, anagwira Isabel chibwano n'kumutembenuzira ku nyali. Mwanayo anali atangopaka kamzere kakuda m'zikope monga atsikana anzake onse.

“Ukudziwa amene anaphunzitsa akazi zimenezi?”

“Dad, it's just eyeliner.”

“Ndi angelo akugwa. Ali m'dzenje pano, omangidwa, ndipo iwe ukuwagwirira ntchito m'nyumba mwanga.”

Ndinawauza kuti amusiye mwanayo. Anandiyankha osandiyang'ana: “Inu a Queen, mkazi wopanda mwamuna salankhula pa nyumba ya eni.” Achemwali anangotola mbale n'kulowa kukhitchini. Ankagwira mashifiti aatali, tsiku lonse chiimirire m'wodi, ndipo mphamvu yokangana analibe. Nthawi zonse ankati, “Asiyeni, ndi chisoni cha amayi awo, chidzatha.” Sichinathe. Chinanenepa.

Ku Sande Sukulu makolo anayamba kudandaula kuti ana akubwerako akuopa kusamba m'bafa, ena akufunsa ngati moto udzayambire ku Birmingham kapena ku Malawi. Abusa anawachotsa mwaulemu, n'kuwauza kuti apume. Iwo anati kupuma ndi kumene ankachita anthu a masiku a chigumula, kudya ndi kumwa mpaka madzi anafika m'khosi.

Chimene chinawathetsera ubale ndi Amalawi onse a kuno chinachitika mu Malichi 2023, namondwe Freddy atagumula mapiri kumudzi. Sabata imeneyo palibe anagwira ntchito ndi mutu wabwino. Tinkathawira m'zimbudzi za m'chipatala kukaona mafoni, kuona matope akutsika phiri la Soche ndi miyala yaikulu ngati nyumba. Lamlungu masana tinasonkhana mu holo yathu, a mipingo yonse, ochokera ku Wolverhampton, ku Coventry, ngakhale anzathu a ku Zambia. Anthu anabweretsa zovala ndi mabulangete. Kutsogolo kunakhala oferedwa. Pakati pawo panali mayi Sellina, namwino wa ku Wolverhampton, amene mng'ono wawo anakwiririka ku Chilobwe pamodzi ndi ana ake, wamng'ono adakali kubere.

Alamu anakweza dzanja. Abusa anazengereza, koma anthu ananong'ona kuti apatseni, nawonso anataya mayi awo m'madzi, akudziwa ululu wake. Anapita kutsogolo, anakonza tayi, nayamba bwino. Anati akudziwa tanthauzo la maliro opanda manda. Azimayi anavomereza ndi misozi. Kenako mawu anasintha.

“Koma ndikuuzeni, abale, madzi sasochera. Agogo athu ankati ndi napolo, njoka ya m'phiri ikusamuka. Azungu akuti ndi kusintha kwa nyengo. Onsewo ndi mabodza. Madzi amatumidwa, ndipo amadziwa nyumba imene atumidwa. Ndani sadziwa zimene zimachitika ku Chilobwe? Mabala, mahule, asing'anga pa khomo lililonse. Dziko linalira, ndipo kumwamba kwayankha. Musalire akufawa. Lirani nokha, chifukwa madzi ndi chenjezo chabe. Chikubwera ndi moto.”

Mayi Sellina anadzuka pang'onopang'ono, chitenje chikuwagwa m'chiuno.

“Bambo inu, mwana wa kubere anali hule wa ndani?”

“Mayi, ngakhale pa chigumula choyamba munali makanda.”

“Nanga mayi anu? Ku Makhanga kunali bala yanji? Madzi anadziwa bwanji nyumba yawo?”

Ndinali pafupi ndi alamu. Ndinaganiza kuti akhala pansi. Koma anali ndi yankho lokonza kale, ndipo pamenepo ndi pamene ndinazindikira chimene ankalera mumtima zaka zonse zija.

“Amayi anga anafera ine. Anafera inu nonse. Tinasiya malo amene Mulungu anatiika, monga angelo aja anasiya kumwamba, kudzasakanikirana ndi mitundu. Taonani ana anu. Akudya thukuta lanu, sakudziwa chilankhulo chanu, sakudziwa manda a makolo anu. Mukubala chiyani kuno?”

Mayi Sellina anavula nsapato n'kuwagenda nayo kumaso. Inawapeza pa chikope. Amuna anadzuka, mipando inagwa, wina anakuwa kuti mumenyeni, ndipo akanapanda abusa kuima pakati, bwenzi tsiku limenelo kutabwera apolisi. Anawakokera panja atawagwira m'khwapa, iwo akukuwabe za moto. Achemwali anatsala pampando, nkhope m'manja, ndipo palibe mayi ngakhale mmodzi amene anapita kukakhala nawo. Akuluakulu a mpingo anagamula kuti alamu asapondenso mu holomo. Achemwali nawonso anasiya kupita, chifukwa cha manyazi. Mayi Sellina mpaka lero akandiona pa ukwati kapena pa maliro amatembenuka, ngati kuti ndinalankhula ndine.

Ntchito ya alamu inatha miyezi ingapo pambuyo pake. Agogo ena aakazi pa nyumba ya nkhalamba ija anali kumapeto kwa moyo wawo, ndipo mwana wawo polowa m'chipinda anapeza alamu atawerama pa bedi, akuwafotokozera za maenje a moto. Anawachotsa sabata yomweyo. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ankaima pa msewu wa masitolo ku Erdington ndi chikwangwani cha katoni, akulalikira kwa anthu othamangira basi. Masiku ena onse anali m'nyumba ndi mabuku, kudikira achemwali abwere kuntchito kuti awaphikire.

Isabel anathawira ku yunivesite, n'kukakhala ku Selly Oak m'nyumba yogawana ndi anzake. Ndi ulendo waufupi pa sitima, koma kwawo sankabwera. Ankabwera kwa ine ku Telford. Ndi komweko kumene anandionetsa Nathan, mnyamata wofatsa wa ku Dudley, bambo ake a ku Jamaica, mayi ake mzungu. Ndipo ndi m'khitchini mwanga mmene anandiuza kuti ali ndi pakati. Sindinasangalale, sukulu anali asanamalize. Koma anandipempha kuti ndikhalepo pouza makolo ake, ndipo ndinavomera.

Tinapita Loweruka madzulo dzuwa lisanalowe, alamu atangobwera kolalikira. Nathan anavala shati yoyera, anagwada pang'ono popereka moni monga ndinamuphunzitsira. Alamu sanalandire dzanja. Isabel analankhula m'Chingerezi, maso ali pa mayi ake. Atamaliza, achemwali anapuma mozama n'kunena kuti, “Chabwino, zachitika. Tikhala pansi ndi makolo a mnyamatayu.”

Alamu anayang'ana Nathan kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anandifunsa ine m'Chichewa, ngati mnyamatayo ndi mbuzi ya pamsika: “Ameneyu ndi mtundu wanji?”

Ndinawauza.

“Ndiye kuti iyenso ndi wosakaniza kale.” Anatembenukira kwa mwana wawo, naloza pamimba pake. “Chimene chili m'menemo si mdzukulu wanga. Ndi mbewu ya zimphona. Zoterezi ndi zimene madzi anabwera kudzachotsa.”

Isabel amayankha m'Chingerezi, koma Chichewa amamva chonse. Anagwira mimba yake ndi manja onse awiri. Nathan ankangoyang'ana uku ndi uku, akufunsa kuti anena chiyani.

Achemwali anga ndi munthu amene sindinamumvepo akukweza mawu chibadwire changa. Tsiku limenelonso sanakweze. Anadzuka, anapita pamene panali katoni ya mabuku, anainyamula, natsegula chitseko cha kumsewu n'kuiika panja.

“Bambo a Isabel, munataya mafuta anga, ndinakhala chete. Munandichotsa pakati pa anzanga, ndinakhala chete. Ndinkati mukulira amayi anu. Koma amayi anu ndinawadziwa ine. Anandilandira ine wa ku Chiradzulu, wosadziwa Chisena, anandipatsa mphasa yawo iwo n'kugona pansi. Akanakhala moyo bwenzi pano akuvinira mimba iyi. Inu simukulira munthu. Mukufuna dziko lonse limire kuti mtima wanu ukhale pansi. Mwana wanga simumumiza. Tulukani.”

“Ukundithamangitsa m'nyumba mwanga?”

“Tulukani. Zovala ndikutumizirani.”

Alamu anayang'ana ine, ngati ndine ndawaphunzitsa achemwali. Kenako anavala jekete yawo, nati, “Nayenso wa chingalawa uja anamuseka.” Achemwali anatseka chitseko n'kukhoma, ndipo pamenepo mpamene anayamba kulira. Nathan ndi amene anawagwira.

Mwana anabadwa masiku asanakwane, wamkazi, ndipo anamutcha Lily. Anakhala kanthawi m'chipinda cha ana osakhwima, koma anatuluka bwino. Isabel anabwerera kwa mayi ake ku Erdington, sukulu akupitiriza, ndipo Nathan amabwera tsiku lililonse akaweruka. Alamu anapeza kachipinda m'nyumba ina yogawana, kuseri kwa siteshoni, mmene mumakhala amuna okhaokha a mitundu yosiyanasiyana. Achemwali sanapite kukhoti kukathetsa ukwati. Amati pa msinkhu wawo n'zochititsa manyazi. Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti amawaderabe nkhawa. Kuzizira kutayamba chaka chatha anandiimbira foni.

“Queen, jasi lawo la nthawi yozizira linatsala kuno, ndi mankhwala awo a BP. Ine sindingapite. Tawapititsira.”

Ndinakana, anandichonderera, ndinapita. Ananditsegulira atavala tayi, m'chipinda mukuzizira ngati mufiriji. Anali ataonda kwambiri. Munali bedi, mpando umodzi, ketulo, ndi mabuku aja atawandandalika pazenera. Sanandiuze kuti ndikhale. Ndinaika jasi ndi mankhwala pa bedi n'kutembenuka kuti ndizipita.

“Ndamva kuti anabadwa,” anatero.

“Anabadwa.”

“Wamkazi?”

“Wamkazi. Dzina lake Lily.”

Anasisita mkono wa jasi lija. Kenako anafunsa motsitsa mawu, “Anabadwa wamkulu bwanji?”

Mtima wanga unafewa, sindikana. Ndinati mwina ugogo wawapeza. Ndinatulutsa foni n'kuwaonetsa chithunzi cha tsiku loyamba, kamwana kofiira, katagona m'manja awiri a bambo ake n'kutsalako malo. Ndinawauza kuti kanali kakang'ono ngati botolo la sobo, kuti kanalimbana, kuti chipumi n'chawo chenicheni. Anaiyandikiza foniyo kumaso, anayang'ana nthawi yaitali.

Anandibwezera foni, nayang'ana ku mabuku.

“Zimphona nazonso zinkabadwa zazing'ono,” anatero.

Ndinatsika masitepe osatsazika. Panja ndinakumana ndi mmodzi wa okhala nawo, bambo wa ku Somalia, amene anandifunsa ngati ndine wachibale, chifukwa mkuluyo amalalikira kukhitchini anthu akudya ndipo atopa naye. Ndinamuuza kuti ndangotumidwa.

Achemwali anandiimbira ndisanafike n'komwe ku Telford. Ndinaima pambali pa msewu. Anafuna kudziwa ngati akudya, ngati m'chipindamo mukutentha, ngati anafunsa za mwana.

“Jasi alandira,” ndinatero. “Mankhwala akatha mudzatume wina.”